Tafunsani Achimwene: Kuseri kwa chidindo cha pa boda kumakhala ndani?

Mwezi uno makalata ambiri abwera a nkhani za pa boda, mwina poti Disembala wayandikira ndiye aliyense mtima uli ku Park Station basi. Ndasankhapo anayi chifukwa onse akukhudza munthu mmodzi amene ambirife sitinamuonepo nkhope, uja amatchedwa data analyst, amene amakhala pa kompyuta kumasanthula manambala a anthu olowa ndi otuluka m'dziko lino la South Africa.

FUNSO: Achimwene, ine ndi mtsikana wa zaka 23, kwathu ndi ku Balaka koma pano ndikukhala ku Turffontein. Ndinalemba MSCE ndipo masamu ndinakhoza bwino ndithu, pano ndimagwira mu shopu ya ma spare ndiye abwana anandiphunzitsa kulemba katundu pa Excel mpaka ndinayamba kuikonda. Tsiku lina ndinaona pa foni kuti akufuna data analyst ku za maboda. Kodi ameneyu amapanga chani kwenikweni? Amavala yunifolomu kumaima pa geti ngati aja amatidindira aja? Chemwali wa ku Turffontein.

YANKHO: Chemwali, pa geti simungamupeze ameneyo, koma chilichonse chochitika pa geti chimakathera pa tebulo pake. Tiyambe ndi zomwe mumaziona nokha. Basi ikaima pa Beitbridge usiku, mwatsika mwafola pa mzere, ofisala uja akalandira pasipoti yanu samangodinda ayi, amayamba waiika pa kamakina kamene kamawerenga mizere iwiri ili mmunsi mwa tsamba la chithunzi chanu, ija yodzaza zilembo ndi manambala ija. Mzere uliwonse uli ndi zilembo 44 ndipo mmenemo muli dzina lanu, nambala ya pasipoti, dziko, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwe pasipotiyo idzathe. Zonsezi zimalowa mu sisitimu ya Home Affairs, unduna wa za m'dziko wa kuno, yomwe amaitcha Movement Control System, limodzi ndi tsiku, ola, boda yake, kaya mukulowa kapena mukutuluka, komanso ofisala amene wakuthandizaniyo. Malo ambiri pano akutenganso zala ndi nkhope.

Ndiye taganizani, dziko lino lili ndi malo olowera oposa 70 mukaphatikiza a pamtunda, mabwalo a ndege ngati OR Tambo ndi madoko a sitima, ndipo anthu odutsamo pa chaka ndi mamiliyoni ambirimbiri. Aliyense akadutsa ndi mzere umodzi mu kompyuta. Excel yanu mumaikondayo imathera pa mizere 1,048,576, ndiye mwaona kale kuti pamenepa payokha singakwanitse, nchifukwa chake anthuwa amagwiritsa SQL, yomwe ndi njira yofunsira mafunso ku nkhokwe yaikulu ya deta, kenako Python kapena R powerengera, ndi Power BI pojambula zithunzi za manambala zoti abwana aone msanga.

Ntchito imene imadya nthawi yambiri, ndipo achinyamata ambiri sayiganizira nkomwe, ndi yokonza deta ija isanawerengedwe. Zili ngati kusankha timiyala mu mpunga musanaphike, ndi ntchito yotopetsa koma mukaidumpha wina athyoka dzino. Mwachitsanzo ife Amalawi a Banda ndi a Phiri tilipo ochuluka zedi, mayina oyamba ofanana, ena mpaka chaka chobadwa chofanana, ndiye data analyst akuyenera kutsimikiza kuti awa ndi anthu awiri kapena ndi mmodzi amene wasintha pasipoti. Wina pasipoti yakale inalembedwa Chirwa, yatsopano Chilwa. Wina kamakina kanakana kuwerenga ndiye ofisala analemba pamanja nkusemphanitsa tsiku ndi mwezi. Penanso netiweki inagwa kwa maola angapo ndipo anthu analembedwa mochedwa. Akapanda kuziona zimenezi, munthu amene anatuluka bwinobwino amaoneka ngati akadali muno.

Akamaliza kukonza mpamene amayamba kuyankha mafunso a akuluakulu. Kuyambira pa 1 Epulo 2023 maboda a dziko lino akuyendetsedwa ndi bungwe la Border Management Authority, lomwe ambiri amangoti BMA, ndipo linasonkhanitsa pamodzi ntchito zomwe kale zinali m'maunduna osiyana, za olowa ndi otuluka, za umoyo, za ulimi ndi zachilengedwe. Mafunso ake amakhala ngati awa, Disembala uno pa Beitbridge ndi pa Lebombo tiyikepo maofisala angati, masiku ati amene mzere umafika kutali, ndi maola ati amene mabasi amafika onse pakamodzi, boda iti tiwonjezere nthawi yotsekera. Yankho lake limachokera pa zomwe zinachitika zaka za m'mbuyo. Mukadzaona mkulu wa BMA, a Michael Masiapato, akuwerengera atolankhani kuchuluka kwa anthu amene adutsa nyengo ya Khrisimasi kapena ya Pasaka, dziwani kuti pali anthu amene sanagone kuti manambala amenewo atuluke olondola. Nawo a Stats SA, bungwe la boma lowerengera anthu ndi zinthu kuno, amatenga deta yomweyi nkumatulutsa lipoti mwezi ndi mwezi la alendo obwera muno ndi mayiko omwe achokera.

Mbali ina, imene ineyo imandisangalatsa kwambiri, ndi yofufuza chinyengo. Ku ndege kuli dongosolo lomwe linayamba pokonzekera World Cup ya 2010, loti kampani ya ndege imatumiza mayina a okwera ndege isananyamuke, ndiye munthu woletsedwa amabwezedwa komweko asanakwere. Palinso mndandanda wa Interpol wa mapasipoti obedwa ndi otayika. Koma chitsanzo chabwino kwambiri ndi komiti ya a Cassius Lubisi yomwe inakhazikitsidwa ndi a Aaron Motsoaledi, ali nduna ya Home Affairs, kuti iunike mapemiti ndi ma visa operekedwa kuyambira 2004, ndipo lipoti lake linatuluka mu 2022. Sakanatha kutsegula fayilo iliyonse pamanja, anagwiritsa ntchito kusanthula deta, ndipo mwa zina anapeza ma visa a anthu opuma pantchito atapatsidwa kwa achinyamata. Fayilo imodzi payokha imaoneka yabwinobwino, koma mukasanja zonse motsatira zaka zobadwa, zachilendozo zimaonekera zokha.

Ndiye chemwali musaipeputse ntchito ya mu shopuyo. Tsiku limene munapeza kuti pa pepala ma filter ndi ochuluka kuposa a pa shelefu nkuyamba kufufuza kuti zasemphana pati, munagwira kale ntchito ya data analyst. Phunzirani bwinobwino pivot table, njira ya mu Excel yosanjira ndi kuphatikiza manambala mwachidule, kenako lowani SQL, maphunziro aulere alipo ambiri pa intaneti, ndipo zolowerani kulemba zomwe mwapeza mwachidule m'mawu oti munthu wosadziwa masamu amve.

FUNSO: Achimwene tandithandizeni. Mng'ono wanga anabwera chaka chatha, masiku ake atatha anapereka pasipoti kwa transipota wina kuti akamudindire, analipira ndalama ndipo pasipoti inabwera ili ndi zidindo zonse, chotuluka ndi cholowa. Anachita choncho kangapo. Mwezi watha akupita kumaliro kumudzi, pa boda ina anamuuza kuti wakhalitsa ndipo amubana zaka zisanu. Zidindo zili mu pasipoti, nanga kompyuta inadziwa bwanji? Pali munthu wina akuti atha kufufuta dzina lake mu sisitimu tikamupatsa kenakake. Bambo wa ku Mayfair.

YANKHO: Bambo, pepani ndi maliro, pepaninso ndi nkhani ya mng'ono wanuyi. Ndikuuzani mosabisa chifukwa nkhaniyi yalowetsa m'mavuto anthu ambiri a kwathu. Ofisala akamaona ngati munthu wakhalitsa, chimene amakhulupirira ndi zomwe zili mu kompyuta, chidindo ndi inki chabe. Ife a pasipoti ya Malawi timalowa muno opanda visa kwa masiku osapitirira 30. Ngati zidindo za transipota zija zinali zopanga, ndiye kuti mu sisitimu munalibe chilichonse chosonyeza kuti mnyamatayu anatuluka nkulowanso, munali mzere umodzi wokha wa tsiku lomwe anafika chaka chatha, basi kompyuta inangowerenga masiku kuchokera pamenepo.

Kale munthu akakhalitsa ankangolipira chindapusa, koma kuyambira mu Meyi 2014 malamulo anasintha. Ukapitiriza ndi masiku osaposa 30 umaletsedwa kulowa kwa chaka chimodzi, ukabwereza mkati mwa miyezi 24 ndi zaka ziwiri, ukapitiriza ndi masiku oposa 30 ndi zaka zisanu. Mpamene mng'ono wanu wagwera. Ndipo kunena zoona anachita mwayi kuti zinathera pomwepo, chifukwa kupezeka ndi chidindo chabodza ndi mlandu pawokha, munthu atha kumangidwa.

Mwina mukuti nanga aja amadinditsa kwa ofisala weniweni amene walandira kenakake? Amenewonso mapazi awo amatsala. Chilichonse cholowa mu sisitimu chimakhala ndi dzina la amene walowetsa ndi nthawi yake, ndiye wosanthula deta akakhala pansi amaona kuti ofisala uyu wadutsitsa mapasipoti ambiri motsatizana m'kanthawi koti munthu sangathe nkuyang'ana nkhope, kapena mapasipoti ena ake amadutsa nthawi zonse pa windo limodzi tsiku limodzi popanda zala za eni ake, kapena munthu watuluka nkulowanso pa mphindi zochepa mwezi ndi mwezi. Ofisalayo akagwidwa, onse amene anadutsa m'manja mwake amaunikidwanso. Mu 2025 a BMA anabweretsanso zidindo zatsopano zokhala ndi nambala yolozera kwa ofisala amene akuchigwiritsa ntchito, cholinga chake nchomwechi.

Za munthu wofufuta dzinayo, chonde bambo musapereke olo khobidi. Ambiri oterewa amangodya ndalama nkuzimitsa foni, ndipo olo atakhaladi wa mkati, kufufutako nakonso kumalembedwa. Njira yovomerezeka ndi kuchita apilo ku Home Affairs, mumalemba kalata yofotokoza chifukwa chomwe munakhalitsira, nkuphatikiza kope la fomu yomwe anamupatsa pa boda, masamba a pasipoti ndi umboni ngati kalata ya chipatala kapena risiti yosonyeza kuti anali atafunsira pemiti. Apilo imayenda bwino kwa munthu amene ali ndi chifukwa chomveka ndi umboni, ndiye kwa mng'ono wanuyu, mmene mwafotokozeramu, musayike mtima kwambiri. Asayesenso kudzera kutchire kapena kuwoloka Limpopo, mtsinje uja wamaliza anthu ndipo achifwamba amadikirira komweko.

Kwa nonse amene mukupita kumudzi mwezi ukubwerawu, mukadinditsa musachoke pa windo musanaone tsiku lomwe lalembedwa, ndipo matikiti a basi muzisunga, amathandiza tsiku lomwe kompyuta idzanene zosiyana ndi zomwe zinachitika.

FUNSO: Zikomo achimwene. Mwana wanga wamwamuna anabadwira ku Zomba koma sukulu waphunzira konkuno, pano akumaliza digiri ya za makompyuta ndi statistics. Akuti akufuna ntchito ya deta ku maboda. Mmalawi angaipeze ntchito imeneyi? Mayi wa ku Cosmo City.

YANKHO: Mayi, choyamba mwagwira ntchito kulera, mwana kufika pamenepa ku Joni kuno si zamasewera. Yankho lagona pa mapepala ake. Lamulo la ntchito za boma kuno limati wolembedwa ntchito yokhazikika akhale nzika ya South Africa kapena wokhala ndi permanent residence, ndipo ntchito zokhudza chitetezo cha malire kawirikawiri amafuna nzika yeniyeni, kuphatikizapo kufufuzidwa mbiri yake yonse asanamulole kukhudza deta ya anthu. Ndiye ngati mwanayu ali pa study visa, khomo limeneli pakadali pano ndi lotseka, ndipo ndi bwino adziwe lero kusiyana nkutaya zaka akudikira. Ngati ali ndi ID ya kuno, aziyang'ana mndandanda wa ntchito womwe a DPSA, unduna woona za ogwira ntchito m'boma, amatulutsa, ntchito za m'maunduna amafunsira ndi fomu ya Z83, ndipo palibe ntchito ya boma imene munthu amalipira kuti alembedwe.

Koma asagwe mphwayi, luso lomweli likufunidwa ndi ena ambiri ozungulira boda. Makampani a mathiraki ndi a clearing, aja ali ku City Deep ndi kufupi ndi OR Tambo, amafuna munthu wodziwa kuwerengera kuti katundu akuchedwa pati pakati pa Durban ndi Blantyre ndipo zikuwadyera ndalama zingati. Mabungwe ngati IOM ndi UNHCR ali ndi maofesi ku Pretoria ndipo ntchito yawo yambiri ndi ya manambala a anthu osamuka. Mabanki ndi makampani a inshuwalansi nawonso amalemba anthu oterewa. Kumeneko chofunika ndi work visa yoyenera, ndiye aziona mndandanda wa critical skills umene ulipo nthawi imeneyo poti umasinthasintha. Kwa amene mapepala a sukulu anawatengera ku Malawi, ngati chemwali wa ku Turffontein uja, amayamba adutsa ku SAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro kuno, kuti awaunike.

Ndipo mayi, ine mtima wanga uli poti ana ngati ameneyu asaiwale kumudzi. Kumeneko ndi nzika, palibe womufunsa pemiti. Kuli nthambi ya Immigration, kuli NRB yomwe inalemba anthu oposa 9 miliyoni pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, kuli MRA, kuli National Statistical Office ku Zomba komwe anabadwirako. Maboda athu nawo akusintha, wa Mchinji ndi Mwami unatsegulidwa mu 2022 ngati boda yoima kamodzi, ndipo pa Mwanza, Dedza ndi Songwe pamadutsa anthu ndi katundu tsiku ndi tsiku zofunika wina woziwerenga bwino. Tonse tikukumbuka kumayambiriro kwa 2024 pamene kusindikiza mapasipoti kunaima ndipo a Lazarus Chakwera, ali pulezidenti, anauza Nyumba ya Malamulo kuti sisitimu yalowereredwa ndi akuba a pa intaneti. Ife a kuno tinazimva kuwawa kwambiri, anthu mapasipoti atatha, mapemiti osatheka kuwonjezera. Dziko likakhala ndi ana ake odziwa kusunga ndi kuteteza deta yake, mavuto ngati amenewo amachepa.

FUNSO: Achimwene ine ndifunse molunjika. Ntchito mukuyitamayi si yosaka ife tomwe? Manambala amenewo si omwe amatumizira anthu ku Lindela? Munthu wa mtima wabwino angagwire ntchito imeneyi? Mnyamata wa ku Diepsloot.

YANKHO: Achimwene anga, funso lanu ndi lolemera ndipo sindikufuna kulizemba. Inde, deta yomweyi ndi imene imasonyeza amene wakhalitsa, ndipo ena mwa anthu amenewo amakathera ku Lindela ku Krugersdorp kudikira kubwezedwa kwawo. Ndikudziwa kuti ambiri sanabwere kuno chifukwa chokonda kuphwanya malamulo, anabwera chifukwa kumudzi feteleza wakwera, fizi ikufunika, ntchito kulibe. Dziko lililonse lili ndi ufulu wodziwa amene walowa ndi amene watuluka, Malawi nayenso amachita zomwezo kwa alendo ake, ndiye ntchitoyi siidzatha. Chimene chimandikhudza ine ndi choti amene akuigwirayo ndi munthu wosamala kapena wongothamangira kusangalatsa abwana.

Chifukwa taonani, manambala akasowa kapena akakhala abodza, amene timavutika ndife. Mwamvapo kangati anthu akukuwa pa msonkhano kuti alendo muno adzaza mamiliyoni osawerengeka? Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 62 miliyoni m'dziko lino, ndipo obadwira kunja anali cha m'ma 2.4 miliyoni, omwe sakufika olo 4 pa anthu 100 alionse. Ochuluka anali a ku Zimbabwe, kenako Mozambique, Lesotho, ife Amalawi tinali achinayi, pafupifupi 200,000. Wosanthula deta wachilungamo amanenanso mbali inayo, yoti kalembera ameneyu anaphonya anthu ambiri, a Stats SA eni ake anavomera kuti osawerengedwa anali cha m'ma 30 peresenti ndipo anachita kukonza manambalawo ndi kafukufuku wina, komanso kuti munthu wopanda mapepala sathamangira kukalembetsa. Ndiye nambala yeniyeni itha kukhala yokwererapo, koma kukwererapo ndi kosiyana kutali ndi zomwe zimakuwidwa mumsewu zija.

Palinso kanthu kena kamene anthu ambiri amasokoneza. Boda imawerenga maulendo, siwerenga anthu. Mayi wa geni amene amabwera mwezi uliwonse kudzapikula katundu ku China Mall amawerengedwa ulendo uliwonse, ndiye wina wosadziwa akaona chiwerengero cha olowa pa chaka amaganiza kuti onsewo ndi anthu osiyana ndipo akhazikika muno. Amene angaimirire mu miting'i nkunena kuti ayi bwana, nambalayi sikutanthauza zimenezo, ndi data analyst yemweyo. Ndi yemweyonso amene angachenjeze kuti mzere wosowa tsiku lotuluka nthawi zina ndi vuto la makina osati la munthu.

Choopsa chimene ndimachiona ndi pamene chizindikiro cha mu kompyuta chasanduka chigamulo popanda kumumva mwini wake. Zinachitika kuno ndi nkhani ya ma ID otsekedwa, anthu masauzande ambiri anangodzuka ID sikugwira ntchito, ku banki sangatape, mwana sangalembetsedwe, chifukwa choti nambala yawo inakayikiridwa. Mu 2024 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti kutseka ID munthu asanauzidwe ndi kupatsidwa mpata woyankhapo nkosemphana ndi malamulo a dziko. Deta iyenera kungoloza pamene pakufunika kufufuza, kugamula ndi kwa munthu amene wamva mbali zonse. Ndiye inde, munthu wa mtima wabwino angagwire ntchitoyi, ndipo ine ndingakonde atakhala ochuluka oterowo, anthu odziwa kuti mzere uliwonse pa sikirini ndi mwana wa munthu amene ali ndi lendi, ana ndi maliro oti apiteko.

Ngati inuyo kapena m'bale wanu mukukhulupirira kuti zanu zinalembedwa molakwika, lamulo la POPIA loteteza deta ya anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julayi 2021, limakhudzanso maofesi a boma ndipo limakupatsani ufulu wopempha kuti zolakwika zokhudza inu zikonzedwe. Sonkhanitsani pasipoti yakale ndi yatsopano, matikiti ndi makalata onse amene munapatsidwa, jambulani makope, ndipo musanapite nokha ku ofesi yambani mwaonana ndi a zamalamulo. A Lawyers for Human Rights ali ndi ofesi ku Braamfontein, ndipo ku yunivesite ya Wits kulinso law clinic yothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya.